Kodi Kutola Si Kuba?

Tiyerekeze kuti lero ndi Loŵeruka, ndipo mwabwereka makina ofufuzira zitsulo kwa amalume anu, amene anawagula pamene mbiri ya golidi inawanda ku Mumbwa. Ambiri amangowatcha ditekita. Ndi ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chonga mbale kunsi kwake ndi kabokosi kolira kumwamba. Inu ndi mnzanu mwachoka ku Shikoswe m'mamaŵa ndi kutsetserekera kumtsinje wa Kafue, pamalo ena pamene anthu a ku Lusaka amakonda kudzacheza ndi kuwotcha nyama pamapeto a mlungu.

Ola loyamba latha mukungofukula zitsekerero za mabotolo, misomali ndi zidutswa za waya. Kenaka makinawo alira mosiyana, ndipo mwatulutsa kobiri lakuda lokhala ndi chiboo pakati. Mutalipukuta pamalaya mwaona njovu ziŵiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Imeneyo ndi peni ya m'nthaŵi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963, ndalama ya kwacha ndi ngwee isanayambe mu 1968. Dzuŵa lili pamutu makinawo aliranso, ndipo m'matope a m'mphepete mwa madzi mwatuluka mphete yagolidi. Mkati mwake mwalembedwa zilembo ziŵiri ndi deti, mwachionekere la tsiku la ukwati.

Mnzanu sanachedwe kugamula mlandu. "Iwe, kutola si kuba. Lolemba tikagulitse ku Lusaka."

Mawu amenewo tonse tinakula tikuwamva, ndipo si opusa. Simunathyole chitseko cha munthu, simunapise dzanja m'thumba la wina. Mwayenda padzuŵa, mabatire mwagula nokha, ndipo mukanapanda kubwera mpheteyo ikanakhala m'matope mpaka kalekale. Ndiponso kunyumba kuli mavuto. Mafakitale amene analemba makolo athu ntchito m'ma 1970 salembanso anthu ochuluka monga kale, ndipo wachinyamata wa mu Kafue amadziŵa tanthauzo la kudzuka m'maŵa wopanda kopita. Munthu amene angakuuzeni kuti nkhaniyi njapafupi mwina sanagonepo ndi njala. Komabe tiyeni tiiganizire bwino, pakuti makinaŵa akuchuluka, ndipo funso limeneli lidzafika kwa ena a inu.

Chimene makinawo amadziŵa

Mkati mwa mbale ija muli waya wokulungidwa. Magetsi a m'batire akamayenda m'wayamo amapanga mphamvu yonga ya maginito imene imaloŵa pansi. Ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza mphamvu yake yaing'ono, ndipo makinawo amaimva ndi kulira. Nzeru imeneyi njakale. Mu 1881 Alexander Graham Bell, mwini wake wa telefoni uja, anayesa kufufuza chipolopolo m'thupi la pulezidenti wa America, James Garfield, ndi chipangizo chotere, ngakhale kuti sanachipeze. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga makina onyamula pamanja ofufuzira mabomba okwirira, ndipo nkhondo itatha anthu wamba anayamba kufufuzira makina otero makobiri m'minda ndi m'mphepete mwa nyanja. Amakono amatha kusiyanitsa pang'ono msomali ndi kobiri, ndipo ena amagwira ntchito m'madzi. Angakuuzeni pamene chinthu chili ndi mtundu wa chitsulo chake, koma za mwini wake sadziŵa kanthu. Mbali imeneyo imatsalira munthu amene wagwira ndodo.

Tiyambe ndi mphete. Mawu akuti kutola si kuba amalankhulidwa ndi wotola nthaŵi zonse. Simudzawamva pakamwa pa munthu amene wataya. Taganizirani mayi amene mpheteyo inamvuka pachala akusamba m'manja mumtsinje, mmene anasanthulira mchenga mpaka mdima, ndi zimene anakanena kwa mwamuna wake usiku umenewo. Fanizo la pa Luka 15 la mkazi amene anayatsa nyali ndi kusesa nyumba yonse chifukwa cha kobiri limodzi limatiimika kumbali imeneyo, ya wotaya. Kwa iye chinthucho chikadali chake. Sanachipereke, sanachigulitse, sanachitaye dala monga mmene timatayira chitini kudzala. Chinangochoka m'manja mwake, ndipo kuchoka m'manja sikumasintha mwini.

Chilamulo cha Mose chinalankhula mosabisa pankhaniyi. Pa Deuteronomo 22 munthu wopeza ng'ombe, bulu, chovala kapena chilichonse chimene mbale wake wataya analamulidwa kuchibweza, ndipo ngati mwini wake sakudziŵika anafunikira kuchisunga kunyumba kufikira atabwera kudzachifuna. Pa Levitiko 6 munthu wotola chinthu ndi kunama kuti sanachione anaŵerengedwa pamodzi ndi wolanda, ndipo pobweza anafunikira kuwonjezerapo limodzi la magawo asanu. Makolo athu kumidzi anali ndi njira yofananayo asanamve za Mose. Wotola khasu kapena nkhwangwa panjira ankapita nayo kwa amfumu, mawu ankalengezedwa, ndipo mwini wake akabwera ankapereka kangachepe kothokoza. Wobisa chotola akadziŵika, dzina lake linkaipa m'mudzi monga la mbala.

Chotero funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi mwini wake angapezeke nditachita khama? Mphete yokhala ndi zilembo ndi deti ikuchita kufuula dzina la mwini wake. Funsani anthu ogwira ntchito pamalo ochezerapo, pakuti wotaya chinthu chamtengo amasiya mawu. Kaneneni kupolisi, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku. Lengezani kutchalitchi, pawailesi kapena pa Facebook, koma musaulule zonse: wodzinenera kuti ndi yake atchule yekha zilembozo, apo ayi mudzalandira eni ake khumi tsiku limodzi. Ngati zonsezi zachitika, miyezi yapita, ndipo palibe amene wabwera, ine ndikuona kuti mukhoza kufunsa apolisi za njira yoti ikhale yanu, ndipo mtima wanu sudzakutsutsani. Koma kuthamangira nayo kwa wogula golidi Lolemba m'maŵa, dala kuti isungunulidwe mwini wake asanamve, ndiko kuba kumene kwangovala malaya ena.

Kuyembekezera mphatso si tchimo. Mwagwira ntchito, ndipo mwini wake wamakhalidwe abwino adzazindikira zimenezo. Kumene kuli kolakwa ndiko kuika mtengo, kunena kuti simubweza kufikira atakupatsani zakutizakuti, pakuti pamenepo mukumgulitsa chinthu chake chomwe. Ndipo taonani kuti pali ganyu yoyera m'makinaŵa imene ambiri saiganizira. Anthu amataya makiyi m'maudzu, amasoŵa pamene mpope wamadzi unadutsa pansi, amakangana chifukwa zikhomo zachitsulo za malire a puloti zinakwiririka. Wachinyamata wodziŵika kuti amabweza zimene wapeza ndiye amene adzaitanidwa kukafufuza zotere, ndipo adzalipidwa poyera.

Nanga peni ija? Isungeni. Anapanga miyandamiyanda, palibe chizindikiro cha amene anaigwetsa, ndipo sigulanso kanthu m'sitolo. Kaisonyezeni agogo anu, mudzamva nkhani za tiki ndi susu zimene simunazimvepo. Chokha chimene muyenera kudzifunsa ndicho chakuti munaikumba pamalo a yani. Munda uli ndi mwini, bwalo la sukulu lili ndi aphunzitsi aakulu, m'mbali mwa njanji muli eni njanji, ndipo kumudzi kuli amfumu. Pemphani musanakumbe, gwirizanani za kagaŵidwe musanapeze kanthu, ndipo kwirirani maenje anu, ng'ombe ya wina ingathyoke mwendo.

Zinthu zimene mwini wake ndi tonsefe

Tsopano tifike povuta. Bwanji ngati makinawo alira pachinthu chimene mwini wake anamwalira zaka mazana apitawo? Pano mnzanu uja adzaseka, pakuti palibe mayi wolira, palibe woti mumbwezere. Ndipo musaganize kuti zimenezi nzakutali. Mlatho wa njanji wa pa Kafue, wautali mamita 427, unamangidwa mu 1906, ndipo anthu anakhala m'mphepete mwa mtsinjewu, akusula zitsulo ndi kuchita malonda, kalekale njanji isanafike.

Lamulo la dziko lathu linayankhapo kale. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu ndi malo a anthu akale a chaka cha 1924 chisanafike. Wopeza chinthu chooneka kuti nchakale motero ayenera kuleka kukumba pamalopo ndi kudziŵitsa bungwelo pasanathe masiku 14. Koma lamulo palokha silikhutiritsa mtima wa munthu waumphaŵi. Tiyenera kuona chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili pamtunda wa maola oŵerengeka kuchokera mu Kafue.

Mukawoloka mtsinje ndi kutenga msewu wa ku Chirundu, kenaka nkukhotera ku Siavonga, mudzafika kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Pamenepo pali chitunda chotchedwa Ingombe Ilede, ndiko kuti ng'ombe yogona m'Chitonga, chifukwa cha mlambe wina wogwa umene unkaoneka ngati ng'ombe itagona. Pamene damu la Kariba linkamangidwa, Atonga ambiri a m'chigwa cha Gwembe anasamutsidwira kudera limenelo, ndipo mu 1960 antchito amene ankakumba maziko a thanki ya madzi pachitundapo anapeza mafupa a anthu ndi zokometsera. Nkhaniyo inafika kwa oyang'anira zinthu zakale. J. H. Chaplin anafukula pamalopo chaka chomwecho, ndipo Brian Fagan anapitiriza pambuyo pake.

Zimene anapeza zinadabwitsa anthu. Akufa ena anaikidwa atavala mikanda yagolidi m'khosi, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, zigoba za m'nyanja yamchere, ndi zibangili zamkuwa zodzaza mikono ndi miyendo. Pambali pawo panali mitanda yamkuwa yolemera, imene inkayenda pamalonda monga chuma, mabelu achitsulo, makasu, ndi zida zokokera waya. Apa panali umboni wakuti anthu a m'chigwa cha Zambezi ankachita malonda ofika kunyanja ya India, ndi kuti pakati pawo panali amisiri ndi anthu olemera. Zinthuzo zinapita kukasungidwa ku Livingstone Museum, ndipo ana a sukulu a mu Zambia akhala akuphunzira za Ingombe Ilede kuyambira pamenepo.

Koma mvetserani mbali iyi. Pansi pa zibangilizo panapezeka tizidutswa ta nsalu yathonje. Nsalu imawola msanga m'nthaka, koma dzimbiri la mkuwa linateteza tizidutswa timene tinakhudzana nalo. Ofukulawo anatisunga, ngakhale kuti panthaŵiyo panalibe njira yabwino yopimira zaka za kachidutswa kakang'ono chotero. Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti mandawo anali a m'zaka za m'ma 1300 kapena 1400. Ndiyeno mu 2017 Susan McIntosh ndi Fagan yemwe uja anafalitsa zotsatira za kupima nsalu za m'manda aŵiri ndi makina amakono, ndipo zinasonyeza kuti anthuwo anaikidwa m'zaka za m'ma 1500, nthaŵi imene Apwitikizi anali atayamba kukhazikitsa misika m'mphepete mwa Zambezi. Mbiri ya malonda a dera lonseli inafunikira kuganiziridwanso, ndipo chimene chinachititsa si golidi, koma kansanza.

Tsopano taganizirani kuti amene anafika choyamba pachitundapo anali anyamata aŵiri ndi ditekita, usiku, ndi thumba. Mikanda yagolidi ikanasungunulidwa kukhala kamphumphu kosaposa chala. Mitanda ndi zibangili zikanakwera pasikelo ya wogula zitsulo zakutha. Kansanza kaja akanakasasa ndi dzanja. Anyamatawo akanadya ndalamazo mwina miyezi itatu, ndipo anthu mamiliyoni ambiri, obadwa ndi osabadwa, akanalandidwa chinthu chimene sakanadziŵa nkomwe kuti anali nacho. Kuba kwa mtundu umenewu nkoipa kwambiri chifukwa wobedwayo sangadandaule. Zoterezi zinachitikadi tsidya lija la Zambezi: mu 1895 azungu ena anayambitsa kampani yotchedwa Rhodesia Ancient Ruins, imene ntchito yake inali kukumba golidi m'mabwinja amiyala a makolo a Ashona, ndipo zimene anawononga m'zaka zoŵerengeka sizidzabwezeretsedwa. Timawatcha olanda, ndipo nzoona. Sindikuona chifukwa chimene dzinalo lingasinthire ngati wokumbayo ali mwana wa dziko lino.

Phindu la chinthu chakale lili pa malo amene chagona, kuya kwake, ndi zimene chagona nazo. Chikangozulidwa popanda kulemba zimenezi chimasanduka chitsulo wamba. Mu Kafue muno, mmene zitsulo zakutha zili ndi msika, chiyeso chimenechi nchachikulu. Khasu losulidwa ndi mmisiri zaka mazana atatu zapitazo ndi chidutswa cha wilibala yothyoka zimalemera mofanana pasikelo, ndipo wogula sadzakufunsani.

Pali mphekesera inanso imene yakumbitsa anthu maenje ambiri: yakuti Ajeremani anakwirira mabokosi a chuma m'dziko lino. Zoona zake nzakuti gulu lankhondo la von Lettow-Vorbeck linaloŵa kumpoto kwa dziko lino kumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, linafika ku Kasama ndi kumtsinje wa Chambeshi, ndipo linagonja ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. Anali asilikali otopa amene anayenda pansi zaka zambiri akufunafuna chakudya, ndipo ku Kafue sanafikeko. Zimene anasiya zodziŵika ndi mfuti zimene zinaponyedwa m'nyanja yaing'ono ya Chila ku Mbala. Munthu akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti akusonyezeni pamene pali bokosi la Mjeremani, chuma chimene iye wapeza ndinu. Ndipo ngati akulozerani kumanda, thaŵani. Palibe mtundu mu Zambia umene umalola munthu kuloŵa kumanda ndi khasu popanda amfumu ndi eni maliro, ndipo mphete imene munthu anaikidwa nayo sinatayike. Abale ake anamveka dala.

Zimene wotsutsa anganene

Wina pagulu lanu adzati, "Nanga akatswiri aja sanafukule manda? Kodi kusiyana kwawo ndi ife nkwakuti iwo ali ndi mapepala?" Funso limeneli nlabwino, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Anthu a pa Ingombe Ilede sanapemphe kuti mafupa awo atulutsidwe, ndipo masiku ano akatswiri ambiri amavomereza kuti akale awo sanali kufunsa eni dera mokwanira. Komabe kusiyana kulipo. Manda aja anali atavundukulidwa kale ndi ntchito ya thanki, zimene zinatengedwa zinalembedwa chimodzichimodzi, sizinaloŵe m'thumba la munthu, ndipo mwana aliyense wa dziko lino ali ndi mbali yake mwa izo. Wokumba usiku sangasonyeze ngakhale chimodzi cha zimenezi.

Wina adzati, "Ndikakanena, akuluakulu adzatenga, ine nkutsala manja lende." Nayenso ali ndi pogwira. Mu 1921 antchito a mumgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wakalekale chimene chinatchuka padziko lonse. Sichinatayidwe, koma chinatumizidwa ku London, ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Amene amati kunena zoona kumapindulitsa ena ali ndi chitsanzo chimenecho. Koma taonani kuti lero tikhoza kuchimenyera chigazacho chifukwa chakuti chilipo ndipo chikudziŵika kumene chinachokera. Chikanaphwanyidwa pamodzi ndi miyala ya mumgodi, sipakanakhala choti tipemphe.

Ine ndikukhulupirira kuti wopeza chinthu chakale ndi kuchinena ayenera kuthokozedwa mooneka, dzina lake lilembedwe, ndipo apatsidwe kanthu. Dziko limene limafuna kuti amphaŵi akhale oona mtima liyenera kupeputsa mtolo wa kuona mtimako. Ku England anaphunzira zimenezi. Pa 16 November 1992, m'mudzi wa Hoxne, mlimi wina anataya hamala m'munda napempha mnzake Eric Lawes, mkulu wopuma pantchito amene anali ndi ditekita, kuti amthandize kuifuna. M'malo mwa hamala, Lawes anayamba kutulutsa masipuni asiliva ndi makobiri agolidi a Aroma. Atadzaza timatumba tiŵiri analeka, ndipo iye ndi mlimiyo anadziŵitsa apolisi ndi eni malo. M'maŵa mwake akatswiri anabwera nafukula zotsalazo mosamala, kotero kuti anatha kudziŵa ngakhale mmene zinthuzo zinalongedwera m'bokosi lamatabwa limene linali litawola kale. Munali makobiri oposa 14,000. Lawes anapatsidwa mapaundi 1.75 miliyoni, ndipo anagaŵana ndi mlimiyo. Hamala ija inapezekanso, ndipo inaperekedwa ku British Museum pamodzi ndi chumacho.

M'dziko lomwelo, mu 2015, amuna ena aŵiri anapeza chuma cha m'nthaŵi ya a Viking kufupi ndi Leominster, nachibisa ndi kuyamba kuchigulitsa mwamseri. Mu 2019 anaikidwa m'ndende, ndipo makobiri ambiri sanapezekenso. Akananena, akanalemera mwalamulo. Koma ndisakunamizeni ndi nkhani ziŵirizi, ngati kuti woona mtima amalemera nthaŵi zonse ndipo wobisa amagwidwa nthaŵi zonse. Kuno kwathu mukhoza kunena za mtanda wamkuwa umene mwapeza m'munda ndi kungolandira chanza, pamene mnzanu amene anagulitsa wake mwakachetechete wagula foni yatsopano ndipo palibe amene wamfunsa. Ngati chifukwa chanu chonenera chili mphotho yokha, tsiku limene mphothoyo idzasoŵa mudzabisa. Lawes analeka kukumba asanadziŵe kuti adzalandira zingati.

Pomalizira pali amene adzatsegula Mateyu 13:44 ndi kunena kuti ngakhale m'fanizo la Yesu munthu anapeza chuma m'munda wa wina, nachibisa, osauza mwini munda. Fanizolo likunena za mtengo wa Ufumu wa Kumwamba, umene uli woyenera kuti munthu agulitse zonse ali nazo, ndipo silinaperekedwe monga lamulo la katoledwe ka zinthu, monga mmene fanizo la mbala yobwera usiku silitiphunzitsa kuboola nyumba. Ndipo ngakhale munthu wa m'fanizoyo sananyamule chumacho mumdima. Anayamba wagula munda, namwaza zake zonse kuti akhale ndi ufulu wa kukumbamo. Amene amakonda kutchula vesili kaŵirikaŵiri amafuna chumacho popanda kugula mundawo.

Mawu aŵiri okhudza moyo wanu. Mu Kafue muli ng'ona ndi mvuu, ndipo munthu woŵerama m'madzi ofika m'mawondo, makutu ali pa kulira kwa makina, sadziŵa chimene chikubwera kumbuyo kwake. Ndiponso madera ena a kumalire, cha ku Zambezi, anaona nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe m'ma 1970. Dziko lathu linalengeza mu 2009 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo amene ankadziŵika, komabe chitsulo chadzimbiri chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena chitini chotsekedwa mwachilendo si chokumba kapena kugogoda ndi khasu. Chisiyeni pomwepo ndi kukauza apolisi. Za golidi wa m'nthaka ndi nkhani ina yonse: miyala yamtengo ya pansi pa dziko lino ili m'manja mwa boma, ndipo kuikumba kumafuna laisensi.

Tibwerere kumtsinje kuja. Tinene kuti mwakana uphungu wa mnzanu, ndipo iye wakwiya, wakutchani wopusa njira yonse yobwerera ku Shikoswe. Lolemba mwalembetsa kupolisi, Lamlungu mwalengeza kutchalitchi. Patapita milungu iŵiri mayi wina wafika pagalimoto kuchokera ku Lusaka, watchula zilembo zija ndi deti molondola, walandira mphete yake, wagwetsa misozi pang'ono, wati zikomo kwambiri mwanawe, nakwera galimoto napita. Sanakupatseni ngakhale ya basi. Zimenezi zimachitika, ndipo zimaŵaŵa. Mayiyo walakwa, ndipo mukhoza kunena zimenezo mosabisa pamene mnzanu adzabwera kudzakusekani madzulo. Mudzabweza makina kwa amalume anu, ndalama za mabatire zitapita, m'thumba muli peni yachiboo yokha. Ndipo amalume akadzafunsa zimene munapeza kumtsinje, mudzawauza zonse, mphete ndi peni yomwe, osachotsapo kanthu.